Palibe Chithunzi

Ine ntchito yanga ndi geti.
Ndimalemba manambala a mathanki
obwera kudzakhuthula ku madamu a Ngwerere
zimene Lusaka idadya dzana.
Fungo la pano limabisala m'kolala,
Zelipa achape kawiri, lilipobe.

Koma mbalame sizinyansidwa.
Okutobala akamatha zimatera pamatopewa
zowonda ngati anthu ochokera kumaliro akutali,
zidye, zinenepe, zisapatse munthu moni.

Magalasi oonera patali anandisiyira a Hachoombwa,
aja anapuma ntchito kunjanji.
Diso lakumanja ndi long'aluka,
ndiye ndimatsinzina limodzi
ngati mwana wolasa ndi legeni.

Lachitatu lija, Epulo atangolowa,
mame akadali lende pa waya,
kumbuyo kwa akakowa, pafupi ndi paipi yothyoka,
kanaima kamodzi kachilendo.
Timiyendo tatifupi, tachikasu ngati bilimankhwe wa pa mango.
Mlomo wopindikira kumwamba,
ngati Mlengi anaugwira usanaume.
Kankathamanga chowerama,
monga kondakitala wa pa Kulima Tower
akaona mayi wa katundu wambiri.

Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi anayi.
Thanki inaliza hutala.
Ndinatsegula, ndinalemba nambala, ndinabwerera:
matope okhaokha.

Ndinangoimbira munthu mmodzi.
Pofika masana magalimoto anali asanu ndi awiri,
ena ochokera ku Kabulonga, ina ya fumbi la Chisamba,
zipewa zazikulu, makamera aatali ngati misi.
Mayi Sibeso anatsegula buku la zithunzi.
Aka? Ayi.
Nanga aka? Ayi, ako n'konenepa mlomo.
Anatembenuza tsamba. Ndinaika chala.
Onse zii.
Anatchula dzina losakhala pa lilime langa,
nati kwawo n'kumitsinje imene imauma gwa ndi chisanu,
nati kuno kumtunda, kutali ndi nyanja yamchere,
munthu amatha kumera imvi asanakaone.

Mnyamata wa kuyunivesite, waulemu ndithu,
anafunsa: Adala, chithunzi chilipo?
Ndinamuonetsa kafoni kanga ka mabatani.
Anamwetulira, analemba m'kabuku kake.
Ndinasuzumira. Sukulu ndinalekezera panjira
koma mawu oti sizinatsimikizike
ndimawadziwa m'chilankhulo chilichonse.

Anadikira mpaka udzudzu unayamba ntchito yake.
Anandisiyira botolo la maheu ndi fifite kwacha.

Sindinakwiye.
Ndakhala pa geti zaka khumi ndi zitatu,
ndikudziwa kuti chosalembedwa sichinalowe.

Masiku ano anamzeze akuchepa pa mawaya a magetsi.
Dzulo anali mzere wonse, lero mipata ngati mano a nkhalamba.
Usiku, ndege ikatha kulira cha kubwalo uko,
ndimamva timawu m'mwamba, tii, tii,
tikulunjika kumpoto opanda nyale.

Tisauke wanga alinso komweko,
amasambitsa okalamba a eni ake m'dziko lozizira.
Ndinamuuza pafoni: ukaone pamtsinje,
kamiyendo yachikasu, kali m'njira.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Adadi, ine ndimaona makoma ndi basi ya usiku.
Kenaka anati: Kachokera pa damu liti?
Ndinati lachitatu, pa paipi paja unagwera uli mwana.
Mayunitsi anatha tisanatsanzikane.

Loweruka abwana a Kamanga anabwera kudzaona kaundula.
Anatsitsa chala pamzere wa Lachitatu,
thanki ya ku Garden, thanki ya ku Chaisa,
chala chinaima.
Yotamu, ichi n'chiyani?

Pakati pa manambala awiri, ndi bolopeni yofiira,
ndinali nditalemba:
Seveni koloko itangodutsa. Mlendo mmodzi.
Alibe nambala. Sanasayine.
Watulukira kumwamba.